Mawu akuti scholarship tinawadula pakati

Yesani izi lero lomwe. Lembani mawu akuti scholarship pa gulu la WhatsApp la kalasi yanu, osawonjezapo kanthu, kenako ikani foni pansi. Pasanathe mphindi khumi mupeza mafunso ali mbwee: ya dziko liti, itseka liti, akulipira zonse kapena fizi yokha, akufuna IELTS? Sipapezeka ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti, "Ya ndani, pa nkhani yanji, ndipo wapeza zotani?" Komatu mafunso achiwiriwa akuyenerana ndi mawu amenewa chimodzimodzi ndi oyamba aja. M'Chingerezi scholarship ili ndi matanthauzo awiri. Lina ndi ndalama zimene munthu amapatsidwa kuti aphunzire. Lina ndi ntchito yeniyeni ya munthu wophunzira: kuwerenga mozama, kufufuza, kuyeza umboni, kulemba zimene wapeza n'kuziika poyera kuti ena azitsutse. Ife tinatola la ndalama, la ntchito tinalisiya panjira. Ine ndikuti kudula mawu pakati kotereku kukutipweteka, ndipo opwetekeka kwambiri ndife amene tili m'kalasi ndi anzathu amene angovula kumene magauni.

Tiyambe ndi kumene mawuwa anachokera. Scholar ndi school ndi apachibale. Onse anadzera m'Chilatini, schola, kuchokera ku Chigiriki, skhole. Tanthauzo loyambirira la skhole linali nthawi yopuma, mpata umene munthu amakhala nawo pamene sakuthamangira chakudya. Amuna a ku Athens amene anali ndi mpata wotere, ambiri chifukwa akapolo ndi akazi ndiwo ankawagwirira ntchito, ankauthera pa kukambirana ndi kutsutsana. Dzina la mpatawo linasanduka dzina la zokambiranazo, kenako la malo okambiranawo. Kachidutswa ka kumapeto kaja, ship, n'komwe kali mu friendship ndi leadership, ndipo kamagwira ntchito ngati "u" wathu wa mu ubwenzi ndi utsogoleri. Choncho scholarship ndi khalidwe ndi ntchito ya munthu amene moyo wake wauthera pa kuphunzira.

Matanthauzo onse awiri ndi akale, a m'zaka za m'ma 1500, kotero wina asakunamizeni kuti la ndalama labwera dzana. Ku Oxford ndi ku Cambridge, scholar anali mnyamata amene koleji inkamudyetsa ndi kumugoneka ndi chuma chimene oyambitsa kolejiyo anasiya. Koma taonani mmene ziwirizi zinkagwirizanirana. Ndalama zija zinkagula skhole, mpata, kuti munthu asadzukire kumunda kapena kumsika, akhale pansi ndi mabuku. Ndalama inali khasu, kuphunzira kunali munda. Kwathu kuno tafika poti khasu tikulipukuta bwinobwino n'kulipachika pakhoma la pabalaza kuti alendo alione, munda uli thengo.

Mukatsegula buku la mbiri yakale n'kupeza mlembi akunena za recent scholarship pa nkhani ya John Chilembwe, sakunena kuti kuli bungwe limene likulipirira anthu fizi m'dzina la Chilembwe. Akunena mabuku ndi mapepala amene akatswiri alemba posachedwapa, kuwonjezera pa zimene George Shepperson ndi Thomas Price anayamba m'buku lawo la Independent African la mu 1958. Wophunzira wa chaka chachitatu amene akudodoma ndi chiganizo chotere alibe mlandu pa Chingerezi chake. Kungoti chiyambire fomu wani sanamvepo munthu akugwiritsa ntchito mawuwa mwanjira imeneyi, ngakhale pa sukulu imene inamangidwira ntchito yomweyo.

Tanthauzo la ndalama lija talimangira msika wathunthu. Pa Facebook pali masamba osawerengeka ongolengeza kuti iyi yatseguka, iyo itseka Lachisanu. Pali anthu amene amalipiritsa kuti akulembere kalata yodzifotokoza. Mayina timawadziwa ngati matimu a mpira: Rhodes ya mu 1902, Fulbright ya mu 1946, Commonwealth ya mu 1959, Chevening ya mu 1983. Timadziwa mwezi umene iliyonse imatseguka ndi mapepala amene imafuna. Koma mufunse munthu yemweyo kuti akakafika kumeneko akufuna kukayankha funso lanji. Ambiri amakuuza dzina la digiri ndi dzina la mzinda. Funso alibe.

Msika umenewu uli ndi maphunziro akeake, ndipo tikuwakhoza bwino. Mafomu ambiri amafunsa za utsogoleri ndi za luso lodziwana ndi anthu. Ndiye timayambitsa timabungwe ta achinyamata ta anthu atatu ndi logo yokongola. Timagula sopo ndi shuga, timapita kosungira ana amasiye, timajambula zithunzi zambiri kuposa katundu amene tapereka. Umphawi wa kwathu timaupala, timauwalitsa, mpaka agogo amene anatilera ndi maganyu asanduka ndime yachiwiri ya kalata yopita ku London. Ndaonapo kalata imodzi ikuyenda m'manja mwa anthu anayi, aliyense akungosintha dzina la mudzi ndi la matenda amene anapha bambo. Munthu amene waphunzira kugulitsa chisoni chake kwa zaka zinayi ndi wovuta kumuphunzitsa kunena zoona za manambala, chifukwa waona kale kuti nkhani yokometsera ndi imene imalipira.

Tisaiwalenso kuti wopereka ndalama ali ndi cholinga chake. Cecil Rhodes anasiya chuma chimene anachipeza m'migodi ya dayamondi ndi golide ya kummwera kwa Africa kuti chiphunzitse anyamata oti adzatumikire ufumu wa Britain. N'chifukwa chake dzina lake likadali pa mkangano, ndipo ophunzira a ku University of Cape Town anachititsa kuti chiboliboli chake chichotsedwe mu April 2015. Chevening imayendetsedwa ndi unduna wa Britain woona za maiko akunja, ndipo sabisa kuti akufuna anthu amene adzakhale atsogoleri ndi abwenzi a dziko lawo. Palibe cholakwika kuti iwo ali ndi cholinga. Cholakwika n'chakuti iwe ukwere ndege wopanda chako. Wopita wopanda funso lake amabwera ndi mayankho a mafunso a eni ndalama.

Tsopano tiyang'ane mmene tikuchitira ndi tanthauzo limene tinalitaya lija. Mpata woyamba umene wophunzira wa digiri yoyamba amapatsidwa kuti achite scholarship yeniyeni ndi kafukufuku wa chaka chomaliza. Nonse mukudziwa zimene zimachitika. Mutu timatenga wa amene anamaliza chaka chatha, n'kusintha boma, Dedza kukhala Ntcheu. Mafunso oyenera kuyankhidwa ndi alimi makumi asanu amayankhidwa usiku umodzi ku hositelo ndi anthu atatu ndi mabolopeni osiyana mitundu. Chaputala chachiwiri ndi mayina a mabuku amene mwini wake sanawagwirepo, ndipo masiku ano ena mwa mabukuwo kulibe n'komwe, anapekedwa ndi makina a AI. Likasa lachoka m'thumba la mayeso lalowa m'kafukufuku. Tikamaliza timamanga bukulo ndi chikuto cholimba cha zilembo zagolide, kenako dzina lake timalilemba pa fomu yopempha ndalama za mastazi. Tikupempha khasu lachiwiri, loyamba lisanakhudze dothi.

Ndikudziwa zimene ena mukunena pofika pano: ukulankhula chifukwa wakhuta. Funso lake ndi lolemera ndipo sindilizemba. Fizi ndi yokwera. Ngongole za bungwe la boma lobwereketsa ophunzira, limene linakhazikitsidwa mu 2015, sizifikira aliyense wozifuna. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa chipinda, wa ufa ndi wa bandulo ya intaneti unakwera pamodzi. Pali anzathu amene amalowa m'kalasi atangomwa madzi. Munthu wanjala alibe skhole, ndipo Agiriki aja akanavomereza. Ine sindikuti tisiye kupempha. Mafomuwa inenso ndimadzaza, ndipo wopeza mwayi apite, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Nkhondo yanga ili pa kutembenuza zinthu, kuti ndalama ndiyo ikhale mathero, kuphunzira kukhale kamsonkho kamene timalipira monyinyirika kuti tifike pa ndalamazo.

Umphawi sunayambe ndi ife, ndipo amene anatitsogolera anasonyeza ndondomeko yake. Legson Kayira ananyamuka kumpoto kwa dziko lino mu 1958 wapansi, kufuna maphunziro ku America. Dzina la Skagit Valley College analipeza mu laibulale ku Kampala, ndipo anafika ku Khartoum mu 1960. Palibe wa ife amene anavutikira thandizo la maphunziro ngati iyeyu. Koma ndalama zija atazipeza sanagone nazo. Anapitirira mpaka ku Cambridge, analemba I Will Try mu 1965, kenako mabuku ena monga Jingala ndi The Detainee. William Kamkwamba anasiya sekondale chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002. Anapita ku kalaibulale kakang'ono ka ku Wimbe ku Kasungu, anatenga buku lotchedwa Using Energy, analiyang'anitsitsa mpaka anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo za njinga ndi mitengo ya bulugamu. Kuitanidwa ku Arusha mu 2007 ndi digiri ya ku Dartmouth College ya mu 2014 zinabwera pambuyo. Anayamba ndi ntchito, ndalama zinamulondola.

Bwererani m'mbuyo kuposa apo. Yohanna Abdallah, wansembe wa Anglican, analemba mbiri ya Ayao m'Chiyao, Chiikala cha Wayao, ndipo inasindikizidwa mu 1919. Samuel Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo, buku limene linapata mphotho mu 1933, ndipo anasonkhanitsa zimene akuluakulu ankakumbukira n'kulemba Mbiri ya Achewa. Pa nthawi imeneyo m'dziko muno munalibe yunivesite ngakhale imodzi, poti University of Malawi inatsegulidwa mu 1965. Mabuku awo ali ndi zofooka zake, ndipo akatswiri a pambuyo pake atsutsa zina mwa zimene analemba. Kutsutsidwa kumeneko ndi umboni wakuti anasiya kanthu kogwirika. Wolemba aliyense wa mbiri ya Ayao kapena ya Achewa amayenera kudutsa pa iwo mpaka lero. Ndi angati mwa ife, ndi intaneti m'thumba, amene tidzasiye chinthu choti munthu adzachitsutse patatha zaka 90?

Ena akuti: iwe, awa ndi mawu chabe, a Chingerezinso, ukuvutikiranji? Ndikuvutika chifukwa chinthu chopanda dzina n'chovuta kuchipempha, kuchiikira ndalama mu bajeti, kapena kudandaula chikasowa. Ajeremani ali ndi mawu amodzi, Wissenschaft, amene amaphimba sayansi, mbiri yakale, malamulo ndi maphunziro a ziyankhulo, bola ntchitoyo ichitike mwadongosolo. Ku America, Ernest Boyer analemba lipoti lotchedwa Scholarship Reconsidered mu 1990 chifukwa anaona kuti mawuwa akufinyidwa mpaka kungotanthauza kusindikiza mapepala. Iye anati ntchitoyi ili ndi mbali zinayi: kutulukira zatsopano, kulumikiza zimene ena anatulukira, kuzigwiritsa ntchito pa mavuto a anthu, ndi kuphunzitsa. Anzathu akukangana kuti tanthauzo la ntchito likule mpaka pati. Ife tanthauzolo tilibe n'komwe pakamwa.

M'chiyankhulo chathu tili ndi mawu amene akanatha kusenza katunduyu. Yunivesite timaitcha sukulu ya ukachenjede. Koma nawonso tawachita zomwezo. Kachenjede lero ndi munthu wa pepala ndi chithunzi cha gauni, ndipo khutu langa limamvamo kuchenjera kuja kwa Kalulu, kodziwa podutsira. Kafukufuku ndi mawu abwino, koma timawagwiritsanso ntchito pa apolisi ofufuza mbava ndi pa kampani yofunsa anthu za sopo amene amakonda. Ndikanakonda tikanati ukachenjede tiziutanthauza ntchito, kuti tizitha kunena kuti buku ili lili ndi ukachenjede, lipoti ilo lilibe, ngakhale analilemba ndi pulofesa. Mawu amatenga tanthauzo kwa owagwiritsa ntchito, ndipo ogwiritsa ntchito ake ndife.

Umboni wakuti chopanda dzina sichitetezedwa uli pa makampasi pathu. Ndalama ya upkeep ikachedwa sabata ziwiri, msewu umatsekedwa, ndipo mwina n'koyenera. Koma laibulale ikatha zaka osagula mabuku atsopano a phunziro lanu, ndani amaimba nyimbo? Mphunzitsi akamawerenga manotsi omwe anawerengera akulu anu, kapena akasowa theka la semesita ali ku mawekishopu a alawansi ku nyanja, timangoti bola mayeso asavute. Aphunzitsi ena amalipira magazini achinyengo a pa intaneti, amene amasindikiza chilichonse m'masiku ochepa, kuti akwezedwe pa ntchito. Anthu andale ndi amalonda amalandira madigiri aulemu, mawa lake aika Dr kutsogolo kwa dzina, ife n'kumawaombera m'manja. Mlandu uli ndi eni ake ambiri, boma, oyendetsa sukulu, aphunzitsi. Koma wogula amene safunsa za katundu amagulitsidwa chilichonse. Safunsa anadya phula.

Sikuti dziko lino silinadziwepo mtengo wa tanthauzo lachiwirili. Jack Mapanje, katswiri wa ziyankhulo ndi mlakatuli amene ankatsogolera dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Thandika Mkandawire analandidwa pasipoti mu 1965 ndipo anakhala kunja zaka pafupifupi 30. Ali komweko anatsogolera CODESRIA ku Dakar ndi UNRISD ku Geneva, ndipo pepala lake la mu 2001 linatsutsa ndi umboni chikhulupiriro chakuti maboma a mu Africa sangathe kutsogolera chitukuko. Mu February 2011 mkulu wa apolisi anaitanitsa Blessings Chinsinga kuti akafotokoze zimene ananena m'kalasi poyerekeza mavuto a kuno ndi zimene zinautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi anakana kulowa m'kalasi, ndipo maphunziro ku Chanco anaima pafupifupi miyezi 8. Palibe boma limene linamangapo munthu chifukwa chodzaza fomu ya Commonwealth. Chimene olamulira amachiopa ndi munthu amene wawerenga, wayeza, n'kunena zimene wapeza.

Kutaya tanthauzo limeneli kuli ndi mtengo wake, ndipo tikuulipira kale. Mu 1937 katswiri wa ku America, Mark Hanna Watkins, anasindikiza A Grammar of Chichewa. Amene ankamuuza mawu ndi ziganizo anali wophunzira wa ku University of Chicago dzina lake Hastings Kamuzu Banda. Mwini chiyankhulo anali wopereka mawu, dzina la pachikuto linali la wina. Patatha zaka 50, mu 1987, Sam Mchombo analemba limodzi ndi Joan Bresnan pepala lonena za Chichewa limene akatswiri a ziyankhulo amaliwerenga pa dziko lonse, ndipo mu 2004 anatulutsa The Syntax of Chichewa. Ulendo wochoka pa kupereka mawu kufika pa kulemba buku ndiwo tanthauzo limene ndikulirira. Lero anzathu ambiri omaliza digiri ntchito yoyamba imene amapeza ndi yoyenda m'midzi ndi tabuleti, kufunsa mafunso amene anakonzedwa kunja. Ntchitoyo si yonyozeka, imadyetsa mabanja. Koma manambala akakwera ndege, kusanthula kumachitikira kwina, mayina a papepala ndi a ena, ndipo boma lathu limadzagwiritsa ntchito lipotilo pokonza mfundo za ulimi ndi zaumoyo za makolo athu. Tikapanda kuphunzira kufunsa funso ndi kuliyankha tokha, tidzakalamba tili onyamula tabuleti.

Nanga tichitenji, ife amene tilibe bajeti kapena mpando ku senate? Zilipo zimene sizifuna viza. Werengani buku limodzi la phunziro lanu semesita ino, lonse, kuyambira chikuto mpaka chikuto, osati masilaidi. Pezani anzanu anayi, muzikumana kamodzi pa sabata kukangana za chaputala chimodzi. Amene muli ku Zomba, nyumba yosungira zolemba zakale za boma ili mumzinda mwanu momwemo, kalowenimo. Amene muli ku Bunda, alimi enieni ali kuseri kwa mpanda. Pa holide khalani pansi ndi agogo, jambulani mawu awo pa foni, lembani tsiku ndi malo, kenako kafunseni munthu wina wa mudzi womwewo kuti muone pamene akusiyana. Pa kafukufuku wanu, ngati mwafunsa anthu 18, lembani 18. Ngati zimene mwapeza zikutsutsana ndi zimene mumayembekezera, lembani zomwezo, poti n'zimene mwapeza. Mukamaliza lembani tsamba limodzi m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, mukawawerengere anthu amene anakuyankhani aja. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi ndi ya odekha.

Chodabwitsa n'chakuti njira imeneyi ndi yomwenso imatsegula chitseko cha ndalama chija, makamaka pa maphunziro a PhD, kumene amene akusankha amafuna kuona funso lako ndi umboni wakuti ungathe kulitsata. Koma ngakhale chitseko chisatseguke, munthu amene waphunzira kuyeza umboni sabwerera chimanjamanja. Ndi amene amadzakhala namwino wozindikira kuti manambala a pa wodi sakugwirizana, mtolankhani amene amawerenga lipoti la auditor general lonse, mphunzitsi amene ana ake amafunsa mafunso.

Tisinthenso moni amene timapereka kwa obwera. Mnzathu akatsika ku Chileka kapena ku KIA ndi mastazi yake, timamufunsa za chisanu, za foni imene wabweretsa, ndi za kalata yake kuti atibwereke tikopere. Timufunse kuti, "Akulu, munakapeza zotani kumeneko? Tipatseni tiwerenge." Wobwera ndi kanthu adzakondwa, chifukwa mwina ndinu woyamba kumufunsa. Wobwera ndi zithunzi zokha adzachita manyazi pang'ono, ndipo mng'ono wake amene akudzaza fomu chaka chino adzadziwa kuti funso limenelo likumudikira nayenso.